Jakisoni wa Kuseri kwa Chigayo

Magdalena anakhala pansi pakati pa munda wa tiyi, dengu lili kumsana, chifukwa bondo lake lakumanja linakana kumunyamula. Unali mwezi wa Januwale, mvula ikugwa mowirikiza, tiyi ataphuka bwino zedi. Miyezi imeneyi ndi imene wothyola tiyi amadyerapo. Ukaphonya sizoni ndiye kuti waphonya chaka chonse.

Bondoli silinayambe dzulo. Zaka zambiri zokwera ndi kutsika zitunda za esiteti ina ya kufupi ndi kwa Nchilamwela zinali zitalidya. Kumayambiriro kwa Disembala, a kukiliniki ya pa esiteti anamutumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko a Mervin, dokotala wa mafupa, anamubaya jakisoni m'kati mwenimweni mwa bondo. Anamuuza kuti apume masiku angapo, ndipo adzabwerenso mu Malichi. Bondolo lisabayidwenso miyezi itatu isanakwane.

Jakisoniyo anagwira ntchito, tisanamizane. Magdalena ankayenda ngati namwali, ndipo zopuma zija anazisiya pa geti la chipatala. Koma tsopano, mwezi ndi theka chabe, ululu unabwerera.

Madzulo ake anafika kumalaini, nyumba za antchito a pa esiteti, akutsimphina. Mwamuna wake Dixon, amene ankaponya nkhuni pa moto wa kufakitale, anamuyang'ana n'kumva chisoni.

"Amake Tisungane, mawa mupite kuchipatala akakubayeninso," anatero.

"Anandiuza kuti mpaka Malichi, abambo ake. Akuti miyezi itatu ikwane kaye."

Dixon anaseka pang'ono. "Inu mumawadziwa a chipatala kapena mumangowamvera? Miyezi itatuyo ndi njira yonenera kuti mankhwala ndi ochepa. Kangati tapita kumeneko n'kutiuza kuti atha, kagulani ku famase? Akungofuna kuti aliyense alaweko. Pofika Malichi sizoni idzakhala ikutha, inu muli gone."

Mawuwo anamveka anzeru, ndipo vuto lake linali pomwepo. Munthu amene wabwezedwapo pa windo la mankhwala chimanjamanja savuta kukhulupirira kuti lamulo lililonse la chipatala ndi umphawi wobisa. Komanso kwathu kuno jakisoni timamulemekeza kuposa mfumu. Munthu akabwera kuchipatala ndi mapiritsi okha, timati sanathandizidwe.

Kuseri kwa chigayo cha pamsika kunkafika bambo wina, dzina lake Anderson, tsiku lililonse la malipiro. Ankabwera pa njinga yamoto, chikwama chakuda chili pachifuwa. Ena ankati anagwirapo ntchito m'chipatala, koma panalibe amene ankadziwa kuti inali ntchito yanji. Mwina ankakolopa. Anthu ankangomutcha adokotala, iyenso sankakana.

Magdalena atapita kwa iye, Anderson anayamba ndi kumubaya kuthako jakisoni woletsa ululu. Ululu unkazizira tsiku limodzi kapena awiri, iye n'kudzaza madengu, kenako ululuwo n'kubwerera. Posakhalitsa Anderson anayamba kumufikira kunyumba pakati pa sabata. M'mimba mwa Magdalena munayamba kutentha, koma iye anati ndi njala.

Tsiku lina Dixon anaperekeza mkazi wake kuchigayoko. Analoza ndi chala pambali pa bondo.

"Adokotala, wakuthakoyu sakukhalitsa. A kuchipatala anabaya apa. Simungabaye pomwepa?"

"Zing'onozing'ono zimenezo," anatero Anderson. "Mankhwala ake ndi omwewo, ine ndili nawo."

Anapukuta bondo ndi kansanza, fumbi la mgaiwa likuuluka, n'kulowetsa singano. Dixon anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Ankaona kuti wamuchitira mkazi wake chinthu chabwino, ndipo ankamukondadi.

Patapita masiku ochepa bondo linatupa ngati papaya. Linali lotentha, lonyezimira, losati n'kulikhudza ngakhale ndi nsalu. Magdalena ankanjenjemera dzuwa likuswa mtengo. Dixon anatenga foni kuti aitane Anderson adzabayenso wina wotsitsa chotupacho.

Mwayi wake, m'mawa umenewo Teleza, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, ankayendera malaini kuona zimbudzi chifukwa cha mvula. Anamva kubuula, n'kuodira. Atangoika dzanja pa bondolo nkhope yake inasintha.

"Mayi, pabondo apa pabayidwa liti?"

Magdalena anayang'ana mwamuna wake. Dixon anayang'ana pansi.

"Musandibisire," anatero Teleza. "Sindinabwere kudzazenga mlandu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Dixon anafotokoza zonse, kuyambira wa kuthako mpaka wa kuchigayo.

"Bambo, foniyo muimbire ambulasi ya pa esiteti, osati munthu ameneyo. M'bondomu mwalowa tizilombo, mwachita mafinya. Tikachedwa, bondoli liuma osapindikanso. Zikafika poipa, mwendo umadulidwa, kapenanso munthu kumutaya. Tikupita lero, panopa."

Dixon anaimba foni nthawi yomweyo. Mpaka nthawi imeneyo ankaganiza za sizoni. Tsopano anaona kuti nkhani ndi ya mwendo wa mkazi wake, ndipo anachita mantha kwambiri.

Kuchipatala sanachedwe naye. Tsiku lomwelo analowa naye kuchipinda cha opaleshoni, anatsegula bondo n'kulitsuka. Magdalena anagonekedwa masabata angapo akulandira mankhwala opha tizilombo. Tiyi kumunda ankathyoledwa ndi ena.

Kutentha thupi kutatsika, a Mervin anabwera n'kukhala pampando pafupi ndi bedi. Dixon anaimirira, chipewa chili m'manja, akudikira kukalipiridwa.

"Khalani pansi, bambo. Mwendo tauombola. Koma ndikufuna ndimve, chifukwa chiyani simunadikire Malichi?"

"Tinkaganiza kuti mankhwala anali ochepa, adokotala," anayankha Dixon. "Kuti mukungotitalikitsira dala."

A Mervin anayankha mofatsa. "Sindikukudabwani. Nthawi zina mankhwala amathadi. Ndipo mwina ifenso tinangotchula tsiku osafotokoza chifukwa chake. Koma tsiku limene lija, mankhwalawo akanakhala odzaza nyumba, ndikananenabe miyezi itatu. Mayi, ndikufunseni za ntchito yanu. Mukathyola munda lero, mawa mumabwereranso momwemo?"

"Ayi," anatero Magdalena. "Munda uli ndi raundi yake. Timadikira uphukire."

"Nanga wina ataumirira kumathyola tsiku ndi tsiku?"

"Aupha. Tchire lake limafooka, masamba amayamba kutuluka tating'ono. Kapitawo angakuthamangitse."

"Bondo nalonso lili ndi raundi yake. Mankhwala amene ndinakubayani amachotsa kutupa ndi ululu, koma ndi amphamvu. Mukawabwereza pafupipafupi amadya kanyama kofewa kamene kamateteza mafupa kuti asamakhulane. Ndiye timasiyanitsa miyezi yosachepera itatu, ndipo pa chaka sitipitirira katatu kapena kanayi. Kwa odwala shuga timasamala koposa, chifukwa amakweza shuga. Chachiwiri, singano yolowa m'bondo imafuna ukhondo wa m'chipatala. Kachilombo kamodzi kakalowa nayo, mwaziona nokha."

"Nanga wakuthako uja?" anafunsa Dixon. "Ameneyo ndiye aliyense amabayitsa."

"Ameneyo ndi wa tsiku limodzi kapena awiri, munthu akavutika kwambiri. Si wa sabata ndi sabata. Amaboola zilonda m'mimba, amawononga impso. Wobaya akaphonya malo n'kulasa mtsempha, phazi limafa, munthu n'kumalikoka moyo wake wonse. Ndipo singano ya m'chikwama simudziwa kuti yabaya angati. Ikhoza kukupatsirani HIV kapena matenda a chiwindi. Tikuyezani zonsezi musanatuluke."

Magdalena anafunsa funso limene linkamuvuta. "Koma adokotala, ululu ukabwera tsiku lisanakwane, munthu atani? Angokhala?"

"Abwere. Tsiku limene timakupatsani ndi la jakisoni, si loti musanafike musatione. Tili ndi mapiritsi oyenera, opaka, masewera olimbitsa minofu ya ntchafu, ngakhale kulembera abwana anu kuti akupatseni ntchito yopepuka. Dziwaninso kuti jakisoni sachiritsa bondo lotha. Amangotontholetsa ululu. Inu mukaona ululu wachoka n'kuwonjezera katundu, bondo limapitiriza kuwonongeka mwakachetechete."

Dixon anapukusa mutu. "Safunsa anadya phula. Ine ndi amene ndinaloza ndi chala changa pobaya."

"Munalozanso njira ya kuno pamene a Teleza anakuuzani," anatero a Mervin. "Gwirani chimenecho."

Zoyeza zija zinatuluka bwino, kupatula m'mimba mmene munali mutayamba zilonda, ndipo anamupatsa mankhwala. Teleza anakanena za Anderson kwa akuluakulu a zaumoyo, ndipo kuseri kwa chigayo kunatsala madeya okha. Magdalena anaphonya sizoni yonse. Pakhomo panavuta, ndiwo zinali masamba a chinangwa kangapo pa sabata, ndipo palibe amene ananamizira kuti sizikuwawa.

Magdalena anayamba kuyenda ndi ndodo ziwiri, kenako imodzi. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde n'kumawongola mwendo monga anamuphunzitsira, Dixon akumuwerengera asanapite kufakitale. Masiku onse amene anamupatsa kuchipatala ankapita, mvula kaya dzuwa. Pofika nyengo yozizira anataya ndodo. A esiteti anamuika ku nazale, kumene amafesa mbande za tiyi pamalo athyathyathya. Bondo silipindika mpaka kumapeto, ndipo kukazizira limamukumbutsa. Koma ndi lake, ndipo akuyendera.

Masana ena ku nazale kuja kunafika Anesi, mayi wachitsikana wothyola tiyi, atagwira msana. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Amake Tisungane, akuti inu mumawadziwa adokotala a jakisoni aja. Anasamukira kuti? Msanawu wandikwana. Kukiliniki angondipatsa mapiritsi, akuti ndidzapitenso."

Magdalena anapukuta dothi m'manja. Anakweza chitenje pang'ono, anagwira dzanja la Anesi n'kuliika pa chipsera chachitali cha pabondo pake.

"Gwira apa, mwana wanga. Usachotse dzanja. Jakisoni si woipa, ine anandithandizapo. Koma ali ndi malo ake, ali ndi munthu wake wobaya, ali ndi nthawi yake. A chipatala akakupatsa tsiku, ulisunge. Ululu ukakula tsikulo lisanafike, bwerera kwa iwo omwewo ukafunse, usapite kuseri. Ndipo pamene wabayidwa pakatupa, pakatentha, kapena thupi likatentha, thamanga tsiku lomwelo."

Anesi anayang'ana chipsera chija nthawi yaitali.

"Koma sizoni ikubwerayi, amayi..."

"Tiyi amaphuka chaka chilichonse," anatero Magdalena. "Mwendo suphuka. Mawa m'mawa undidutsire, ndikuperekeza kukiliniki."