Mng'alu wa Pagalasi

"Ndiye akukanira, eti?" anatero Pulofesa Brandvold, akukhazika kapu yawo ya khofi pamapepala a Odette ngati ndi patebulo pawo.

Odette Lavoie anangogwedeza mutu. Zaka zake zonse za kafukufuku zinathera pa chipangizo chimodzi chakale choonera nyenyezi, chimene chinkasokeretsa akatswiri a makedzana, ndipo iye anatulukira chifukwa chake. Koma magazini ya mbiri ya sayansi inabweza nkhani yake. Popanda nkhani yosindikizidwa, ntchito yake payunivesitepo inali yoti itha chaka chomwecho.

Mwambo wake ngwakuti katswiri amene magazini yamupatsa nkhani kuti aiweruze satchulidwa dzina. Amakubaya ali kuseri kwa chitseko, mawa n'kudzadya nawe limodzi.

"Usadandaule, mwanawe, kuthamanga si kufika," anapitiriza Pulofesa. "Za mng'alu wa pagalasi zija uyambe wazisiya, zipse."

Mng'alu wa pagalasi la chipangizo chija, umene Odette anautulukira, ndiwo unkasokeretsa akatswiri aja. Za mng'aluwo sanauzepo munthu, ngakhale mwamuna wake. Zinali m'nkhani yokanidwayo basi. Koma bambo amenewa ndi amene anamuphunzitsa ntchito, ndipo paukwati wa Odette anavina mpaka kuvula jekete. Kapena mkonzi wa magazini ndiye anawatsina khutu?

"Zoona, Pulofesa," anatero mofatsa. "Umboni wanganso ngoperewera. Ndamva kuti galasi linzake, lopanda mng'alu, lili kunyumba ina yosungira zakale mumzinda wa Duluth. Ndikapeza mpata ndikaliona."

"Ku Duluth? Ndi chisanu chimenechi? Ufuna kufera galasi iwe? Dikira kutenthe."

Ku Duluth kunalibe galasi lililonse. Odette anangopeka, ndipo anachita manyazi potchera msampha munthu wamkulu. Loweruka ndi Lamlungu anakhalira kupemphera kuti msamphawo ugone ndi njala.

Lolemba anapeza ofesi ya Pulofesa ili yokhoma.

"Apita ku Duluth," anatero Mayi Pruitt, mlembi wa dipatimentiyo, maso ali pakompyuta. "Ati mlongo wawo wadwala. Ine ndakalambira pampando pano, koma za mlongo ndazimva lero."

Msampha uja unali utakola: Pulofesa anali atathamangira galasi lopeka lija. Zimenezi zinamupweteka Odette kuposa kukanidwa kuja. Anabwerera ku ofesi yake n'kutumiza nkhaniyo ku magazini ina, ndipo atafunsidwa ngati pali munthu amene sakufuna kuti aiweruze, anatchula dzina limodzi. Kenako anatsuka kapu ya Pulofesa ija n'kukaisiya pansi, pakhomo lokhomalo.