Riboni Yachikasu pa Bokosi Langa

"Tamuonani nkhope yakeyo! Wapsa ameneyo!" anakuwa Verna, mnzanga wa pantchito, uku akudzimenya pantchafu.

Tinali titangotseka saluni, tikuonera sewero lathu la mlungu ndi mlungu pa wailesi ya kanema ya Mayi Ozella, eni saluniyo. Linali la anthu a m'tauni yaing'ono ngati yathu ya ku Tennessee, ku America. Tsiku limenelo mtsikana wina anakwera dala galimoto ya mlendo kuti chibwenzi chake chione. Mnyamata wakeyo anachita nsanje, anapunthwa pa ndowa, anthu osaoneka aja omwe amamveka akuseka m'masewero otere n'kufa nazo kuseka. Sewero lisanathe anali atagwada, mphete ili m'manja.

"Waona, Lorene? Mankhwala a Hoyt wako ndi amenewo," anatero Verna. "Zaka zonsezi akungodya nkhuku ya mayi ako Lamlungu lililonse, za mphete ali zii."

"Za pa kanema izo," anatero Mayi Ozella akutsuka zipeso. "Osekawo munawaonapo inu?"

Ine ndinali nditamva kale zomwe ndinkafuna kumva.

Loweruka kutchalitchi kwathu kunali mgonero wa mabokosi. Mtsikana aliyense ankaphika chakudya cha anthu awiri n'kuchiika m'bokosi lopanda dzina, amuna n'kumapikisana mtengo. Wopambana ankadya ndi mwini bokosi, ndalamazo n'kukakonzera denga la tchalitchi. Ankati n'chinsinsi, koma aliyense ankanong'oneza mwamuna wake mtundu wa riboni yomwe wamangira. Ine ndinanong'oneza awiri: Hoyt, ndi Delmer, mnyamata wofatsa wogulitsa mbewu yemwe anali mlendo kwathu.

"Riboni yachikasu iyi!" anafuula wogulitsa mabokosiwo, Bambo Cagle, amene masiku ena ankagulitsa ng'ombe kumsika. "Fungo lake lokha, abale, munthu atha kusiya mowa. Ayambe ndani?"

Hoyt anakweza chala mwaulesi. Anzake anaonjezera pang'ono pongofuna kumuputa, n'kusiya monga mwa mwambo. Delmer yekha sanasiye. Hoyt akatchula, iye n'kuonjezera. Anthu anayamba kuseka ndi kugundana zigongono, ndipo sindinama, mumtima mwanga munkakoma. Kenako Hoyt anacheuka. Sanayang'ane Delmer. Anayang'ana ine.

Bokosilo Hoyt analipeza ndithu. Koma m'malo mopita kumatebulo a pansi pa mitengo, ananditengera kuseri komwe ankaimika magalimoto, n'kundigwira pamkono.

"Riboni anaidziwa bwanji ameneuja?"

"Ndinamuuza ndine. Nanga ndine wako pa chiyani? Unandigula?"

"Ndangokugula kumene, mpingo wonse ukuona."

Anafinya. Zala zanga zinachita dzanzi, ndipo ndinamva kanthu kakulira m'fupa. Bokosi lija analimenyetsa pagalimoto, keke ya maapulo n'kuyenderera pachitseko. Chodabwitsa n'chakuti ndinatchera khutu. Kamtima kanga kopusa kankadikirabe kuti wina aseke, zonse zisanduke nthabwala. Kunali zii.

"Hoyt Maples!"

Anali Mayi Ozella, chipewa cha kutchalitchi chili pamutu, chikwama pamkono.

"Dzanja limenelo lili ndi ntchito kwa ine Lolemba. Lisiye."

"Mayi, izi n'za awiri."

"Ndinakumeta uli kamwana, ukulira mamina ali mbwee. Usandiyese. Lisiye."

Analisiya.

Mayi Ozella anatola nkhuku ya m'bokosi lija yomwe inatsala yokulungidwa bwino m'pepala, n'kundilowetsa m'galimoto mwawo. Ananditengera kunyumba kwawo, anandimanga mkono ndi nsalu yonyowa, tinadya nkhukuyo pakhonde. Ndinadikira kuti anene kuti anandichenjeza. Anangoti, "Mchere wachepa, koma kukazinga umatha." Anamwalira kalekale mayi amenewa, koma ana anga onse amalidziwa dzina lawo. Ndimathokozanso ngakhale sewero lopusa lija. Likanapanda kundinamiza, dzanja la Hoyt ndikanalidziwira m'nyumba, chitseko chili chotseka.

Lolemba m'mawa saluni inali yodzaza. Ine ndinali nditangomaliza kudula tsitsi la Mayi Tackett, mayi wachikulire wa mutu wa imvi zokhazokha, ndikugwira sizasi movutika. Belu la pachitseko linalira. Analowa Hoyt, atavala suti ya Lamlungu, tsitsi atalipaka mafuta. Anafika pomwe ndinaima, n'kugwada mawondo onse awiri, kabokosi ka mphete katatsegulidwa.

"Zatheka!" anatero Verna, manja ali pakamwa. "Ndinanena ine!"

Azimayi anatulutsa mitu m'makina oumitsira tsitsi.

"Lorene, ndinapsa mtima chifukwa ndimakukonda," anatero Hoyt. "Mwamuna wopanda nsanje si mwamuna. Si zomwe unkafuna izi?"

Zinalidi zomwe ndinkafuna. Mpheteyo inali yokongola kuposa ya pa kanema ija. Ndinayang'ana Mayi Ozella. Iwo sanakweze n'komwe maso, anapitiriza kupesa kasitomala wawo ngati m'nyumbamo simunalowe munthu.

"Dzuka, Hoyt," ndinatero. "Wagwada pa tsitsi la Mayi Tackett."

"Nanga yankho?"

"Ndi limenelo."

Anadzuka pang'onopang'ono, natseka kabokosi kake. Palibe anaseka. Tinangomuona kudzera pagalasi la kutsogolo akuwoloka msewu kulowera kugalaja kwake komwe ankakonza magalimoto, mapewa ali tolotolo, mawondo a suti yake yakuda atayera mbuu ndi imvi za nkhalamba.