Mpira Wotsiriza wa Douglas

Katundu wa malemu anali atatha kugawidwa pamene Everson analoza zimene zinatsala pamkeka.

"Alamu, zatsala ziwirizi. Musankhepo chimodzi, chinacho chipita kwa amayi ku Goliati."

Panali laputopu yothyoka pakona ndi kabokosi kakuda ka gemu kolumikiza ku kanema. Zonsezi zinali za Douglas, mwamuna wa Daisy, amene ankakonza makina ku fakitale ya tiyi mpaka chibayo chinamutenga nyengo yachisanu. Tsikuli linali losudzula. Akuchimuna anali atamuuza kale Daisy kuti tsopano ndi mfulu, ndipo nyumba ya esiteti ankayenera kutulukamo dzuwa lisanalowe. Ankabwerera kwawo kuseri kwa Khonjeni, kumene magetsi amangowaonera patali.

Everson, mkulu wake wa malemu, anali ataitana Jonas wokonza mafoni kuti awaunikire. Jonas ndi munthu woti ukamufunsa nthawi, amayamba wakufotokozera mmene wotchi imayendera.

"Achemwali, musavutike mtima, tengani laputopu," anatero Jonas. "Magemu alimo mbwee, komanso mutha kumalembera anthu makalata, kumawaikira nyimbo m'mafoni. Ili ndi batire, mukatchajitsa pamsika mwathana nazo. Vuto lake ndi mavairasi basi, ndiye imakonda kuuma ngati nkhuku yonyowa."

"Nanga kabokosika?" anafunsa Everson.

"Aka sikadwaladwala. Mwalumikiza, mwayatsa, anthu awiri akhala pansi akusewera. Koma ntchito yake ndi yomweyo basi, sikadziwa china. Kopanda magetsi ndi njerwa."

Daisy anayang'ana kabokosi. Kenako anadzuka, nakalumikiza ku kanema amene anali atapatsidwa kale kwa mlongo wake wa malemu.

Pagalasi panatuluka bwalo la mpira. Douglas anali atapangamo timu ya anzake a ku fakitale, aliyense ndi dzina lake. Iye mwini analimo, nambala eyiti, ndi kandevu kake kaja, ngakhale tsitsi anadzipatsa lochuluka kuposa limene Mulungu anamusiyira. Anali chiimire pakati pa bwalo, manja m'chiuno, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

Mlongo wakeyo atangoona, anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kutuluka panja. Everson anakhala pansi mosadziwa kuti wakhala.

"Akupuma," ananong'ona.

"Chiikireni maliro, Lamulungu lililonse ndikachoka ku tchalitchi ndimasewera naye," anatero Daisy. "Sindidziwa kumenya bwino, timangoluza. Koma amathamanga, alamu. Akagwa amadzuka. Ndiye sabata yatha panatuluka mawu awa. A Jonas, tawerengani, mwina Chingerezi chinandisokoneza."

Jonas anawerenga. Anakanda m'mutu.

"Sichinakusokonezeni ayi. Gemuyi imawerenga zaka za osewera. Akuti nambala eyiti wakula, ligi ikatha asiya mpira. Ndiye kwatsala mpira umodzi."

"Akasiya amapita kuti?"

"Dzina limangochoka pa timu. Simuwaonanso."

"Ndiye mubwezereni zaka m'mbuyo," anatero Everson. "Si ntchito yanu imeneyo?"

"Akanakhala mu laputopu, bwenzi nditatsegula mafayilo, ndawabweza kukhala mnyamata, mwinanso ndawakopera mu fulashi kuti muziyenda nawo m'thumba. Koma aka ndi kotseka, achimwene. Anakapanga kuti munthu asamalowetsemo dzanja. Chimene kanena, kanena."

Panja nkhungu inali itayamba kutsika m'minda ya tiyi, ndipo othyola ankabwera m'kanjira ndi madengu opanda kanthu kumsana. Daisy anamva mantha amene anawamva ku chipatala tsiku lija namwino anamuuza kuti ayambe watuluka. Ankaganiza kuti munthu amamwalira kamodzi.

Everson anatola padi yachiwiri yoseweretsera gemuyo, naipukuta ndi malaya.

"Alamu, magetsi mukuwasiya lero. Tiyeni timenye mpira wotsirizawu tonse awiri, timuperekeze bwinobwino mng'ono wanga. Tikatero mutenge laputopu, mukayambe moyo. Ife takumasulani, nanunso mumasuleni."

Ananena zoona, ndipo Daisy ankadziwa kuti ndi zoona. Laputopu ikanamudyetsa. Daisy anaika chala pa batani loyambitsira mpira. Pagalasi Douglas anaweramira pansi, nakoka sokosi, nadzukanso kuyang'ana kutsogolo, monga ankachitira pakhomo akamadikira kuti mkazi wake amalize kuvala.

Daisy anachotsa chala.

"Munamuperekeza kale ku manda, ine ndinalipo," anatero motsitsa mawu. "Kawiri sindingathe."

Anapita kukhoma n'kuzula waya. Galasi linada.

"Achemwali, kumudziko kakangodya fumbi," Jonas anayesa kunena. "Simudzamuona ngakhale tsiku limodzi."

"Ndikudziwa. Koma adzakhala alimo."

Everson anatenga laputopu n'kuiika m'chikwama cha ku Goliati, ndipo padi ija anaipereka kwa Daisy ndi manja awiri. Daisy anakulunga kabokosi m'chitenje chake chatsopano, nakaika pakati pa zovala m'sutikesi kuti kasagundike pa kabaza.

Anapereka makiyi kwa kapitawo nthawi ili cha m'ma folo. Wakabaza anafuna kumangirira sutikesi kumbuyo ndi mphira, koma Daisy anakana, anaifungata pamiyendo ulendo wonse wa ku Khonjeni. Atafika anaikankhira kunsi kwa bedi, mbali imene sikudontha. Mpaka lero Douglas akadali mmenemo, manja m'chiuno, akudikira wezulo.