Nsambo za a Pang

Mawu a Qiao Shulan anali atazima, ndipo mayiyu mtima sunali m'malo. Kwa zaka zambiri ankaimba mbali ya namwali m'gulu la zisudzo zoimba mumzinda wa Tianjin, mawu ake anthetemya akufika mpaka pampando wakumapeto. Tsopano ankamveka ngati akuimbira mumtsuko. A Lou, mkulu wa gululo, sanapsatire: "Mawuwa akapanda kuwala pofika chikondwerero chapachaka choonera mwezi, mbali imeneyi ndipatsa wina."

Nanga n'chiyani chimene Shulan sanayese? Tsabola anasiya, za mafuta anasiya, tiyi wa uchi ankangopapira ngati mankhwala. M'mawa uliwonse ankaima kupaki atayang'ana khoma, ataluma kamtengo kodyera kuti masaya akwere, akukankhira mawu kuchipumi monga anamuphunzitsira ali mwana. "Iii! Aaa!" Madala oyendetsa mbalame zawo m'timakola ankamulambalala patali.

Dzuwa likakwera ankatulukira a Pang Dehai, amene ankamuimbira kaligo wa nsambo ziwiri kuyambira ali mtsikana. Mwambo wake ndi wakuti wakaligo amakunga nsambo, woimba n'kutsatira. Safunsa kuti nyimbo yayambira pati.

"Lero bwanji, achimwene?"

"Zokoma, mlongo. Ngati kale."

"Bodza! Inu ngakhale khwangwala atalira mungamuombere m'manja."

Tsiku lina loyeserera, a Pang anali kuchipatala ndi bondo lawo limene linkawavuta. A Lou anaitana Dou, mayi wakaligo wa gulu lina. Dou atangokoka uta, Shulan anadzidzimuka.

"Iii, mwakwezatu! Mukufuna kunding'amba pakhosi?"

"Ayi mayi, nyimboyi imayambira pomwepa. Funsani aliyense."

Anthu onse anagwedeza mitu kuvomereza. Shulan, manyazi ndi ukali zitamugwira, anakoka mpweya n'kudziponya m'mwambamo, zivute zitani. Mawu anatuluka owala, akuthwa, mpaka iye mwini anachita mantha. A Lou anadzambatuka pampando.

"Ndi amenewotu! Mumawabisa kuti? Basi, pachikondwerero muimba ndi a Dou."

Shulan anatuluka akuyenda ngati wapsa kuphazi. Ndiye kuti a Pang akhala akutsitsa nsambo! Amuona ngati nkhalamba yofuna kuimvera chisoni, n'kumukwirira mawu ali moyo, iye n'kumavutika ndi uchi ndi timitengo. Chisoni chotere bola chipongwe.

M'mawa mwake sanaimbe n'komwe. Ankangozungulira pakhoma paja mpaka a Pang anafika akutsimphina, n'kukhala pabenchi.

"Achimwene, mwayamba liti kunditsitsira nyimbo?"

A Pang ankamasula thumba la kaligo, osatembenuka. Shulan anabwereza mokweza. A Pang anapendeketsa mutu.

"Mwati bwanji?"

"Nsambo! Mumatsitsa nsambo!"

"Ine? Kutsitsa? Mlongo, khutu langali silinanamepo. Tamverani nokha."

Anakunga nsambozo mosamala, khutu ataligunditsa pakaligo, zimene kale sankachita. Kenako anakoka uta akumwetulira monyada. Nyimbo inali pansi, pansi ndithu, koma iwo sankamva.

Ukali wonse wa Shulan unathera pomwepo, ndipo chisoni chinamugwira. A Pang sanamunyoze. Makutu ndiwo anawathawa mwakachetechete, ndipo m'gulu monse munalibe amene analimba mtima kuwauza. Mbali yake ya namwali anali atayipulumutsa, koma zoti adzaimba ndi Dou zinamukanika kutuluka pakamwa.

"Mwamva?" anatero a Pang. "Si pomwepo apa?"

"Pomwepo, achimwene."

Shulan anatembenukira kukhoma kuti a Pang asamuone m'maso, n'kuyamba kuimbira mumtsuko muja.