Khomo la Ba Whyson

Moni, okondedwa owerenga. Tiyamike Mulungu amene watidzutsa ndi mpweya m'mphuno, natipatsa kamphindi kokhala pansi kuti timve zimene zinagwera mayi wina wa ku komboni ya Marapodi.

Ba Whyson anali mmisiri womanga nyumba. Anamangira anthu a kumayadi zaka zambiri, koma nyumba yawoyawo inawatengera zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chifukwa mabuloko ankaumba okha, thumba la simenti likapezeka. Chimene aneba ankaseka pa nyumbayo ndi khomo. Linali lotambalala ngati la sitolo.

"Ba Whyson, mufuna muzisungiramo minibasi?" ankawafunsa.

"Sekani chabe," ankayankha iwo. "Ine nanyamula maliro yambiri mu komboni muno. Naona mabokosi akupendekedwa monga wadiropu, ena anachita kuchokera pa windo. Ine tsiku langa nizalowa chogona, nizachoka chogona, monga munthu."

Mkazi wawo, Exildah, ankawadzudzula kuti asamaitane imfa. Koma imfa siidikira kuitanidwa. Dzinja lina ba Whyson anagona m'chipatala masabata atatu, ndipo tsiku lililonse ankapempha chinthu chimodzi, choti awatengere kunyumba. Madokotala anakana. Exildah anawagwira dzanja nawalonjeza pamaso pa Mulungu kuti pakhomo lawo adzalowa ndithu. Lachitatu m'mawa anatsikira kuli chete.

Achibale anaika maliro Loweruka kuti a pantchito apezekepo. Mwambo wa m'komboni ndi wodziwika: thupi limachoka ku chipatala kupita ku tchalitchi, kuchoka apo limapita kunyumba kuti mwini wake akatsanzike, kenako kumanda. Palibe amene anakumbukira kuti Loweruka limenelo linali ndi eni ake.

Miyezi iwiri m'mbuyomo, anthu a kampani ina yogulitsa magalimoto anabwera pabwalo la msika. Anati msewu wa tala, umene umadutsa pakati pa tchalitchi ndi nyumba za kumtunda, adzautseka tsiku limodzi kuti aonetse magalimoto awo atsopano ndi mpikisano wa madalaivala. Anati anyamata adzapeza ganyu, amayi adzagulitsa malonda kwa alendo, ndipo kamlatho ka kuseri, kamene kanagumuka ndi mvula ya chaka chatha, adzakakonza. Ba Chilekwa, mkulu wa mpingo amene ntchito inamuthera ku Kitwe, ndiye anaimirira kulimbikitsa anthu kuti avomere. A kampani anamusankha kukhala kapitawo wa olondera msewu, namulonjeza ntchito ya ulonda pambuyo pake. Exildah nayenso anaomba m'manja tsiku lija. Anagula ufa wa tirigu ndi mafuta kuti adzakazinge vitumbuwa. Ufawo unali ukadali m'ndowa kuseri kwa chitseko.

Mapemphero a maliro anatha dzuwa lili pamutu. Bokosi analikweza pa lole, amayi a chigwirizano atazungulira m'mayunifomu awo, ndipo Exildah anakhala pafupi ndi mutu wa bokosi atafunda chitenje kumaso monga ayenera mkazi wamasiye. Lole inayenda pang'ono chabe n'kuima. Nyimbo ya amayi inamezedwa ndi mkokomo wina waukulu.

Exildah anasuzumira pansi pa chitenje. Kutsogolo kunali migolo yopaka utoto, malamba ofiira omangidwa kuchokera ku mgolo kufika ku mgolo, ndi mbendera za kampani mbali zonse. Pamsewupo magalimoto onyezimira ankadutsa ngati mphezi, ena akuzungulira malo amodzi mpaka utsi wa matayala kuphimba anthu. Maenje a pa talayo anali atatsekedwa, koma kuyambira pa mbendera yoyamba kulekeza pa yomaliza basi. Amayi a tomato ndi chimanga chootcha anali atawakankhira kuseri kwa ngalande, ndipo chakudya cha alendo chinali m'matenti oyera, chochokera m'tauni. Kutsidya kwa msewu, pamwamba pa mitu ya anthu, Exildah ankaona denga la nyumba yake.

Mlamu wake, ba Kabaso, mkulu wa malemu, anatsika pa lole kukalankhula ndi olondera. Anabwerera ndi ba Chilekwa atavala chovala chachikasu cha kampani pamwamba pa malaya a tchalitchi. Nkhope ya ba Chilekwa inali yakugwa.

"Ba Chilekwa, mwasanduka a polisi manje?" anafuula Towera, mtsogoleri wa amayi a chigwirizano, mayi wosasunga mawu m'kamwa. "Ku mapemphero sitinakuoneni, kansi muli kuno mulondera vimotoka!"

"Amai, musanichite tero. Usiku wonse ninagona pa maliro. Apa niliko chabe pa nchito."

"Tsegulani tipite."

"Akana. Akuti njira izatseguka faifi koloko."

Akumanda anali atawauza kuti afike isanakwane 3 koloko, ndipo kumpoto mitambo inali itayamba kuda. Dalaivala wa lole anati njira yozungulira ilipo, koma magalimoto onse othamangitsidwa pano adzazana kumeneko, ndipo akanyamuka pompano adzangokwanitsa kufika kumanda. Zoti alowe m'komboni cha kuseri n'zosatheka, pakuti kamlatho kaja kanali chigumukire. Kunyamula bokosi pamapewa kuchoka pa kamlatho kupita kunyumba ndi kubwereranso, nthawi sikanalola.

Ba Kabaso anakwera pa lole nagwada pafupi ndi Exildah.

"Mulamu, mwamva mweka. Tiyeni chabe kumanda. Mufana wanga ali kale kwa Atate, nyumba ya mabuloko alibe nayo nchito."

Exildah ankadziwa kuti mlamu wake sakunama. Kuyambira ubwana anaphunzira kuti mzimu umabwerera kwa amene anaupereka, ndi kuti kumwamba kuli malo okhalamo ambiri. Koma anakumbukiranso ana a Israyeli, amene ananyamula mafupa a Yosefe m'chipululu zaka zonse zija chifukwa cha lumbiro limodzi. Iye lumbiro lake linali la masiku anayi okha, ndipo denga linali apo, loonekera.

"Ba Chilekwa," anatero Towera, "kambani na bakulu banu. Mamineti asanu chabe. Olo Farao anamvako."

Ba Chilekwa anapita ku tenti nabwera ndi mayi wina wachitsikana wa kampani, wonyamula wailesi ya m'manja. Sanali munthu wamwano. Anapepesa, anati kampani ikumva chisoni, koma chilolezo chotseka msewu ali nacho, ndipo anthu anauzidwa kalekale. Anati posachedwa magalimoto apumula kuti akuluakulu alankhule, koma nthawi imeneyo makamera onse amakhala akujambula msewu, ndiye lole ya maliro siingadutse. Kenako anakodola mnyamata wina amene anabwera ndi katoni ya madzi a m'mabotolo ndi zipewa za kampani, kuti olira asapse ndi dzuwa.

Towera anayang'ana zipewazo, nayang'ana mayiyo.

"Mwana wanga, kwanu maliro mumalira na visote va motoka?"

Katoniyo inatsala pansi pomwepo, palibe anaikhudza. Dalaivala analiza injini. Ba Kabaso anauza anthu kuti akwere.

Pamenepo mkokomo wa magalimoto unaleka, ndipo munthu wina anayamba kulankhula pa chimkuzamawu, kuthokoza anthu a m'derali chifukwa cha mtima wawo wolandira alendo.

Mkazi wamasiye pa tsiku la maliro sayenda yekha, sakweza mawu, saonetsa nkhope. Amapita kumene amayi omugwira amupititsa. Exildah anasunga zonsezi kuyambira Lachitatu. Koma atamva mawu othokozawo, anachotsa dzanja la Towera paphewa pake, navundukula nkhope, natsika pa lole chobwerera m'mbuyo. Anthu anayesa kuti akufuna kukomoka. Iye anayenda mpaka pa lamba wofiira, nawerama, nadutsa pansi pake. Tala inali yotentha, yonunkha mphira wopserera. Anafika pakati penipeni pa msewu, pa mizere yakuda ya matayala, nakhala pansi natambasula miyendo monga amakhalira amayi pa maliro. Kenako anabweza chitenje kumaso.

Wolankhula uja anadodoma pakati pa mawu. Anthu oonerera anayamba kung'ung'udza, ena akukweza mafoni.

"Muchotseni!" anatero mayi wa kampani, mawu atasintha. "Ba Chilekwa, ni nchito yanu iyi. Mutengeni, bakulu bakuona!"

Ba Chilekwa anayenda mpaka pamene panali Exildah. Exildah ankangoona nsapato za bamboyo pansi pa mphepete mwa chitenje, nsapato zakale zopukutidwa bwino. Mwamuna sagwira mkazi wa mnzake ali pa chisoni, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo.

"Amai," anatero ba Chilekwa motsitsa, "niine ninabweretsa vinthu ivi. Ninaona monga ni thandizo. Nili na bana basanu pa nyumba. Nipempha, imani."

"Ba Chilekwa," anayankha Exildah, osakweza mutu, "inenso ninaomba m'manja. Sinikuzondani, nilibe mulandu na imwe. Koma ninalonjeza. Ngati ba Whyson sapita pa njira iyi, motoka zipite pa ine."

Nsapato zija zinaima nthawi yaitali. Wailesi ya m'manja inkalira kumbuyo. Kenako Exildah anaona chinthu chachikasu chikugwa pa tala pafupi ndi phazi lake, ndipo nsapato zinatembenuka kulunjika ku lole.

"Badikoni, bwerani! Ba Kabaso, gwirani kumutu. Dalaivala, iwe zungulira, ukatipeze pa kamlatho."

Anamasula lamba wofiira ndi manja ake. Amuna asanu ndi mmodzi anatsitsa bokosi naliika pamapewa, ndipo Towera anayambitsa nyimbo ya ulendo wa kwawo kwa oyera mtima. Amayi anaipolokezera akuwoloka msewu awiriawiri. Ojambula anatembenuzira makamera awo ku mbendera. Wina m'tenti analamula kuti nyimbo za pa chimkuzamawu azikweze, ndipo zinakwezedwa mpaka Exildah ankangoona milomo ya amayi ikuyenda. Koma madalaivala awiri a mpikisano anatuluka m'magalimoto awo navula zisoti, ndipo amayi a tomato kuseri kwa ngalande anaimirira. Towera ndi mayi wina anamudzutsa Exildah namugwira m'mikono, iye nalola kutsogoleredwa monga poyamba.

Atangowoloka womaliza, lamba anamangidwanso, ndipo mkokomo unayambiranso kumbuyo kwawo.

Pa nyumba, chitseko chinali chotsegula. Onyamula bokosi sanaime, sanapendeke, sanasinthe mapewa. Analowa atatu mbali iyi, atatu mbali inayo, ndipo malo anatsalako. Aneba amene ankaseka khomo lija anaona, ndipo mmodzi wa iwo analira mokweza ngati mwana. Anaika bokosi pakati pa chipinda chochezera. Exildah anagwada naika chikhato chake pa thabwa.

"Ba Whyson, mwafika. Ni pa nyumba panu pano."

Abusa anapemphera mwachidule chifukwa cha nthawi. Ba Whyson anatuluka monga analowera.

Ulendo wa ku kamlatho unali wautali, m'tinjira ta matope, mvula itayamba kuwaza. Pogumuka paja madzi a m'ngalande anali ofika m'mawondo, akuda, odzaza mapepala ndi mabotolo. Amuna anavula nsapato nawoloka pang'onopang'ono, bokosi lili pamwamba. Ba Chilekwa anaterereka kamodzi, nagwada m'madzimo, koma dzanja lake silinachoke pa chigwiriro. Lole inachedwa. Kumanda anafika nthawi itapitirira, ndipo ba Kabaso anachita kuchonderera kuti awalole. Anaika maliro mofulumira, mvula ikugwa, nkhata zambiri zosaikidwa ndi mwambo wake, mbiri ya malemu yosawerengedwa. Achibale ena a ku Kopala, dera la migodi, anabwerera kwawo akunena kuti mkazi wa Whyson anachititsa banja manyazi, ndipo ba Kabaso sanamulankhule mpaka tsiku lonyamuka.

Lolemba mbendera zinali zitachotsedwa. Pa tala panatsala mizere yakuda yokhayokha, ndipo kamlatho kanali monga kanalili. Ba Chilekwa anapita ku ofesi ya kampani m'tauni, koma pa geti anamuuza kuti dzina lake palibe. Madzulo ake anadutsa pa nyumba ya maliro. Anapeza Exildah atakhala pakhomo paja, ndowa ya ufa wa tirigu ili pambali pake.

"Bakuuzani chani?" anafunsa Exildah.

Ba Chilekwa anapukusa mutu nakhala pa buloko lotsala pafupi ndi khoma.

Exildah sanafune kunama kuti zonse zili bwino. Anakankhira ndowayo kwa iye.

"Mupatse amake bana. Akazinge, agulitse. Ine sinizagwira poto mwezi uno."

Onse awiri anakhala pomwepo akumva minibasi zikuliza mahutala pa msewu umene unali utabwerera kwa eni ake.

Ambuye amene amaona misozi ya amasiye akusungeni inu owerenga. Akupatseni mphamvu yosunga chimene munalonjeza, ndipo pa tsiku la chisoni chanu asalole kuti njira ya kwanu itsekedwe. Mtendere wake ukhale pakhomo panu. Ameni.