Jenereta ya Rodney Inalowa M'galaja

Patatha masiku asanu ndi anayi namondwe atadutsa, magetsi anali asanayakebe, ndipo mwana wanga Rodney analowetsa jenereta m'galaja.

Ndine Verna Cheramie, wa zaka 74. Ndinabadwira ndipo ndakalambira kuno kumunsi kwa tawuni ya Houma, m'mbali mwa mtsinje. Anamondwe ndawaona ambiri moti ndinasiya kuwerenga. Uyu anasasula theka la denga, anagwetsa mapolo a magetsi kuyambira pamlatho mpaka kutchalitchi, n'kutisiyira matope onunkha nsomba zowola. M'nyumba tinalimo atatu: ine, Rodney, ndi mkazi wake Charlene, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwana ameneyo anamudikira zaka khumi ndi ziwiri. Mimba ziwiri zoyamba zinapita padera.

Kunkatentha monga kumatenthera mu Seputembala. Jenereta inkayendetsa zinthu ziwiri zokha: firiji yaikulu, momwe munali tinsomba ta m'nyanja totchedwa shirimpi ndi nyama ya gwape ya chaka chonse, ndi makina oziziritsa mpweya a pawindo la pabalaza, pamene Charlene ankagona ndi miyendo yotupa. Petulo anali atakwera mtengo namondwe asanabwere n'komwe. Tsopano anali wosowanso. Rodney ankalawira kukaima pamzere maola anayi, n'kubwera ndi zigubu ziwiri ndi mkwiyo wodzaza galimoto.

Mkwiyowo ankauthirira ndi wailesi. Pali mkulu wina amene amalankhula masana onse, kudzudzula a ku Washington chifukwa cha mitengo ya mafuta, misonkho, ndi thandizo lobwera mochedwa. Zambiri ndimagwirizana naye, sindibisa. Malemu mwamuna wanga anagwira ntchito zaka makumi atatu pa zitsime za mafuta za m'nyanja, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti anthu okhala pamwamba pa mafuta tiziwagula modula chonchi. Kuno timakhulupirira kuti munthu azidzithandiza yekha. Madzi akasefukira, maboti a anansi ndiwo amayamba kufika, a boma amabwera pambuyo ndi mapepala.

Vuto linali akuba. Kwa a Naquin, nyumba yachitatu kuchokera kwathu, anawabera jenereta, n'kusiya makina otchetchera kapinga akulira pamalo pake kuti eni nyumba azimvabe phokoso. Anadzazindikira firiji itayamba kudontha. Rodney atamva anati yake sigonanso panja. Anaikokera m'galaja, imene ili yolumikizana ndi khitchini, anakweza chitseko chachikulu kufika m'mawondo, n'kuika fani pafupi. Anati utsi wonse uzitulukira pamenepo.

Dzulo lake tinali titapita kutchalitchi, kumene a ozimitsa moto ankagawa madzi oundana ndi malona ofolerera madenga. Ankaperekanso timabelu ta mabatire, tochenjeza za mpweya woipa, pamodzi ndi kapepala ka malangizo. Rodney anatenga madzi oundana okha. Anauza mtsikana wogawayo kuti boma lomwe lalephera kutsitsa petulo lisamuphunzitse poika jenereta yake. Ine ndinaseka. Ndalemba izi kuti mudziwe kuti ndinaseka.

Charlene anafunsa ngati sizoopsa kuti makinawo azilira pafupi ndi khitchini. Rodney anandiyang'ana kuti ndimuyankhire. Ndinati mwamuna wake wakhala akukonza mainjini a maboti kuyambira ali ndi zaka khumi, ndiye asiye kudandaula, apumule. Kenako ndinatseka mawindo onse, n'kutsekera mataulo kunsi kwa zitseko za panja kuti mpweya wozizira usathawe. Petulo wodula chonchi sitikanaziziritsa naye bwalo. Chitseko cha ku galaja chokha sindinachiganizire.

Mawa lake pofika masana, Charlene anali atasanza kawiri. Ndinati ndi mimba. Ine mutu unkandiwawa ngati andimanga chingwe pachipumi, ndinati ndi kuthamanga kwa magazi. Rodney anali atakhala pampando, wailesi pamiyendo, maso ali tsinzi, akuti mzere wa petulo wamutopetsa. Galu wathu Roux anakana chakudya n'kukagona pakhomo la khitchini. Aliyense anali ndi chifukwa chake, ndipo chilichonse chinali chomveka.

Cha m'ma 3 koloko kunabwera Earline Dardar, atanyamula thumba la shirimpi kuti timusungire m'firiji. Earline ndi mnzanga wa ku sukulu ya pulayimale, anali namwino zaka makumi atatu, ndiponso ndi mayi waubatizo wa Rodney. Amavotera chipani china. Takangana pa chisankho chilichonse chiyambire kuvota, ndipo palibe amene anatembenuza mnzake.

"Verna, nkhope imeneyo ndiye ngati munthu wanu wagwa kale chisankho," anatero.

"Mutu, iwe. Ika nsomba zakozo uzipita."

Sanaziike. Anafunsa kuti mutuwo unayamba liti, n'kusuzumira pabalaza. Ndinamuuza kuti Charlene wasanza chifukwa cha mimba, Rodney watopa ndi mzere. Anayang'ana galu, n'kumugwedeza ndi phazi. Galuyo anangotukula khutu.

"Nayenso galuyu ali ndi pakati?" anafunsa. "Jenereta ili kuti?"

Nditaloza chitseko cha ku galaja, anaponya thumba lija pansi. Anakankha mataulo anga ndi phazi, anatsegula chitseko cha kumaso mpaka kukhoma, n'kutiuza kuti tonse tituluke tsopano lino. Rodney anatsegula maso n'kuyamba kudandaula kuti mpweya wozizira ukuthawa. Anati chitseko cha galaja ndi chokweza, fani ikuzungulira, ndipo utsi sukununkha paliponse.

"Amayi aubatizo, mwayamba kulankhula ngati kapepala ka boma kaja," anatero, mawu akukoka ngati woledzera.

"Nyamula mkazi wako, Rodney. Zandale tikakambirana panja."

Rodney anadzuka mokwiya kuti amuyankhe bwino. Miyendo inakana, anagwada pakapeti. Munthu amene amakoka maukonde tsiku lonse analephera kuima pabalaza pake. Charlene tinamudzutsa koma sankadziwa kumene ali, ankangoitana mayi ake amene anamwalira kale. Ine ndi Earline, nkhalamba ziwiri, tinamugwira m'khwapa n'kumukokera pakapinga. Rodney anatuluka chokwawa, akukoka galu. Atapuma pang'ono anafuna kubwerera kuti akazimitse jenereta. Earline anamugwira malaya n'kumuuza kuti aliyense wolowamo satulukanso. Anaimba 911, nambala ya zangozi, ali chiimire pamwamba pa galimoto, poti ndi pokhapo pamene foni inkagwira.

Ozimitsa moto anafika patsogolo pa ambulansi. Wowatsogolera anali Dwayne Billiot, mnzake wa Rodney wosaka naye abakha, ndipo amamvera wailesi yomweyo. Kachipangizo kake koyezera mpweya kanayamba kulira asanaponde n'komwe pakhonde. Anavala chigoba chopumira, anakazimitsa makinawo, n'kutsegula mawindo onse. Potuluka anatiika tonse atatu pa mpweya wa m'botolo.

Tikuyembekezera ambulansi, Dwayne anatifotokozera mwachidule. Injini iliyonse ya petulo imatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa kaboni monokisaidi, womwewo umene umatuluka pa makala. Suoneka, sununkha. Chitseko chokweza ndi fani sizithandiza, chifukwa umalowera m'ming'alu ya chitseko cha khitchini ndi m'denga, n'kumadzaza nyumba pang'onopang'ono. Umayamba ndi mutu, nseru ndi tulo. Munthu amaganiza kuti watopa, amagona, basi.

Ananenanso kuti masiku awiri apitawo anathyola chitseko kutsidya kwa mtsinje. Anapeza mkulu wina ndi mkazi wake, a zaka ngati zanga, atakhala pamipando yawo, khofi ali patebulo. Nyumba yawo namondwe sanaikhudze ngakhale lata limodzi. Jenereta inali pakhonde la kuseri, pansi pa windo.

"Ndinakuona kutchalitchi ukukana kabelu," anauza Rodney. "Amene anagula timabeluto ndi ife, achimwene, ndi ndalama zogulitsa nsomba zokazinga. Ngakhale akanagula a boma, ukanatenga basi."

Rodney ankangoyang'ana mimba ya mkazi wake.

Kuchipatala anatitenga magazi tonse. Dokotala wachitsikana anatiuza mosabisa kuti mwana wam'mimba amamwa poizoniyu kuposa mayi wake, ndipo amachedwa kumuchotsa m'thupi. Charlene anati mwanayo sanagunde chiyambire m'mawa. Anamulowetsa m'chipinda n'kumumanga lamba womvetsera mtima wa mwana. Ine ndi Rodney anatikhazika panja pa chitseko, aliyense ndi botolo lake la mpweya. Sindine munthu wolira, ndipo sindinalire. Ndinkangoganiza za mataulo aja, momwe ndinawapindira bwinobwino.

"Mayi, ndamupha ndine," anatero Rodney.

"Tinali awiri. Khala chete, upume mpweyawo."

Panadutsa nthawi yaitali namwino asanatsegule chitseko. Anati mtima ukumveka. Unali wofooka, koma unkamveka. Madzulo unalimba, ndipo mwana anagunda. Charlene anamugoneka m'chipatala masiku atatu. Ife anatitulutsa mawa lake. Titafika kunyumba tinapeza Earline atamukwirira kale Roux kuseri kwa nyumba. Galuyo anafa chifukwa anali atagona pafupi kwambiri ndi chitseko cha ku galaja.

Tsiku lomwelo Rodney anatenga tepi yoyezera. Anayeza mapazi makumi awiri kuchokera pakhoma, monga anamuuzira Dwayne, n'kuika jenereta pamenepo, paipi ya utsi italoza kumtsinje, kutali ndi mawindo athu ndi a anansi. Anaimanga ndi tcheni cha nangula ku mtengo waukulu, n'kuikhomera kadenga ka malata kopanda makoma. Kenako anapita kutchalitchi, anaima pamzere, n'kupempha timabelu tiwiri kwa mtsikana yemwe uja. Kamodzi tinakakhoma m'njira ya kuzipinda zogona, kena pabalaza.

Za akuba tinazithetsa monga tikanachitira poyamba, tikanakhala ndi nzeru. Earline anaitana nyumba zinayi pakhonde pake. Tinagwirizana kuti nyama yonse ilowe m'mafiriji awiri, majenereta awiri okha azilira, ndipo amuna azilondera mosinthana. Petulo amene nyumba iliyonse inkamwa yokha anayamba kukwanira nyumba ziwiri. A Naquin, amene anaberedwa aja, anapeza posungira chakudya chawo.

Loweruka Rodney anayenda ndi Dwayne nyumba ndi nyumba mumsewu wathu wonse. Anapeza majenereta ena atatu oikidwa molakwika: awiri m'magalaja, imodzi pansi pa nyumba yomangidwa pamizati. Mwini wake wa yachitatuyo, bambo wouma mutu amene sindimutchula, anati palibe womuuza zochita pamalo pake. Rodney sanakangane naye. Anangomuuza kuti za petulo akugwirizana naye, za misonkho akugwirizana naye, koma iye wangochoka kuchipatala kumene anadikira pakhomo kuti amve ngati mwana wake ali moyo. Bamboyo anatukwana pang'ono, kenako anakatenga tcheni chomangira jenereta yake panja.

Magetsi anayaka patatha masabata anayi. Mwana anabadwa mu Novembala, wamkazi, dzina lake Ozelia. Madokotala akuti azimuona kakulidwe kake kwa zaka zingapo, koma mpaka pano amayamwa bwino, ndipo kulira kwake kumamveka mpaka kwa Earline. Denga silinathe kukonzedwa. Petulo sanatsike. Rodney amamverabe wailesi yake, ndipo ine ndi Earline tidzakangananso pa chisankho chikubwerachi.

Tsono mverani, chifukwa sindikonda kubwereza. Dandaulani za mitengo mmene mungathere, ndipo tsiku la chisankho mukavote monga mtima wanu ukufunira. Umenewo ndi ufulu wanu. Koma chenjezo lopulumutsa moyo musalikane chifukwa chodana ndi amene walinena. Jenereta isalowe m'nyumba, m'galaja, pakhonde kapena pansi pa nyumba, ngakhale zitseko zili zotsegula. Iikeni panja, mapazi makumi awiri kuchokera pakhoma, utsi uloze kutali ndi mawindo. Mukaopa akuba, gulani tcheni ndipo gwirizanani ndi anansi anu. Khomani kabelu ka mabatire pafupi ndi pogona, ndipo muzikayesa nyengo ya anamondwe isanafike.

Ndipo anthu a m'nyumba imodzi mukayamba kumva mutu, nseru kapena tulo nthawi imodzi, musakhale pansi n'kumafunsana chifukwa chake. Nyamulani ana, tulukani panja, kenako muimbe foni.