Apongozi Apita Kokagula Okha

"Bwerezaninso, amayi," anatero mkamwini, khanda lili paphewa.

"¿Puedo pagar con el móvil?" apongozi anatchula mawuwo limodzilimodzi, ngati akuwoloka pamiyala.

"Eya! Ndiye kuti, kodi ndingalipire pa foni? Mwakhoza!"

Apongozi anaomba m'manja mpaka khanda linadzidzimuka. Anali atatha milungu isanu kunyumba kwa mwana wawo wamkazi, yemwe anali atangobereka kumene, m'dziko loti ngakhale wosesa mumsewu amalankhula Chisipanishi. Mayi woti anagulitsa tomato pamsika zaka makumi atatu, wodziwika ndi pakamwa, apa anangoti zii. Ndi mchere womwe ankachita kuwagulira. Zinkawawawa kwabasi, moti analumbira kuti sabata imeneyo akapanda kugula kanthu okha, alongedza azipita kwawo.

Ndiye kwa masiku atatu m'nyumbamo munalibe mtendere. Ankafunsa firiji ngati angalipire pa foni. Ankathokoza ketulo kuti "gracias." Potsuka mbale ankafunsa mapoto mtengo wake.

"Amayi, mapotowo akadzakuyankhani mudzathawa," mwana wawo anawaseka ali pabedi.

"Seka, mwanawe. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Lachinayi m'mawa mkamwini anawaikira ndalama m'foni, n'kuwaonetsa pogunditsa. Anafuna kuwaperekeza, koma anam'bweza pakhomo. Anatsika masitepe milomo ikungoyenda yokha, akubwereza mawu aja.

M'sitolo anatenga sopo ndi matewera, n'kuima pamzere. Nthawi yawo itakwana anakonza kukhosi, napuma mpweya wambiri. Koma mtsikana wa pakauntala sanadzutse n'komwe mutu. Anangoloza kamakina ndi chibwano. Apongozi anagunditsa foni, kamakina kanati tii, risiti inatuluka, wapambuyo n'kusendera. Zatha basi!

Anatuluka mawu onse akadali m'kamwa. Anakhumudwa zedi. Masiku atatu a thukuta, kungothera pa tii? Kumeneko kunali kugula, kapena kusambitsa ng'ombe kudibi?

Pokhotera kunyumba anaona mayi wina wonenepa, wa epuloni yobiriwira, atayala masamba, anyezi ndi tomato pathebulo. Miyendo inaima yokha. Anayang'ana mulu wina, wofiira bwino pamwamba, ndipo dzanja lawo linadziwa kale zochita. Analowetsa zala pansi pa muluwo, n'kusolola tomato wofewa amene anabisidwa mwaluso, n'kumukweza m'mwamba.

Wogulitsayo anatong'ola maso. Kenaka anaphulika ndi phwete, akudzimenya pantchafu, chifukwa anazindikira kuti wakumana ndi mnzake wa ntchito.

Apa ndiye apongozi anamasula thumba la mawu aja, n'kufunsa mtengo. "¿Cuánto es?" Mayiyo anatambasula zala. Iwo anapukusa mutu, n'kupinda chala chimodzi cha mwini wakeyo. Kuseka kunabukanso.

"¿Puedo pagar con el móvil?" anafunsa mokweza, kuti ndi odutsa omwe amve.

"¡Sí, sí!" Mayiyo anakhuthula mawu ngati mvula ya matalala. Apongozi anatolapo "sí" wovomera yekhayo, koma anawakwanira. Foni inalira, basela wa tomato awiri analowa m'jumbo, ndipo "gracias" wawo anamveka mpaka tsidya la msewu.

Anakwera masitepe osapumira, n'kukankha chitseko ndi phewa.

"Zayenda bwanji, amayi?" mkamwini anafunsa, akuwalandira katundu.

"Kusitolo kwanu kuja kulibe anthu, kuli makina. Anthu ndawapeza pakona." Anakhala pampando, navula nsapato, akupumira m'mwamba. "Bambo, khalani apa. Mundiphunzitse kunena kuti 'mwadulitsa, tsitsani.' Mayi uja ndapangana naye za mawa, ndipo anyezi wake sindinagwirizane nawo mtengo."